Foni yanu sinafe, ikuwerenga mafayilo

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi anzanga amene ntchito yawo imakhala m'foni: ojambula zithunzi ngati ine, alembi a makwaya, aphunzitsi osunga manotsi ndi mapepala a mayeso akale, alangizi a zaulimi amene amajambula minda ya alimi awo. Ambiri mwa anthu amenewa ayamba kuika mapulogalamu olumikiza foda ya m'foni ndi foda ya pa laputopu, kuti chimene chalowa kuno chipezekenso uko popanda kulumikiza chingwe tsiku ndi tsiku. Koma ambirinso amagwa ulesi tsiku loyamba lomwelo. Pulogalamu imayamba ndi kusanthula mafayilo, kusanthulako n'kutenga maola, munthu n'kumangoona mawu akuti Scanning ndi peresenti yosasuntha. Mapeto ake amaichotsa, n'kubwerera ku moyo wakale wosunga zonse pamalo amodzi mpaka tsiku limene foni idzagwere m'madzi kapena kubedwa pa depoti. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa kuchedwa kumeneku kuli ndi chifukwa chake chomveka bwino, ndipo mbali yaikulu ya kuchedwako munthu angathe kuichotsa yekha asanayambe n'komwe.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Salima. Kamera ndili nayo, koma zambiri zimadutsa m'foni, poti makasitomala amafuna zithunzi zawo pa WhatsApp mwambo usanathe. Google Photos imapereka malo aulere a 15 GB okha, ogawana ndi Gmail ndi Drive, ndipo kuyambira pa 1 June 2021 zithunzi zatsopano zonse zimawerengedwa pa malo omwewo. Mavidiyo a maukwati owerengeka amadzaza malowo, osanenanso za bandulo imene ingapite powakweza pa intaneti. N'chifukwa chake ndimagwiritsa ntchito Syncthing, pulogalamu yaulere imene Jakob Borg wa ku Sweden anaiyambitsa mu 2013. Ubwino wake ndi wakuti foni ndi laputopu zikakhala pa Wi-Fi imodzi zimapatsirana mafayilo zokhazokha, osadutsa pa kompyuta ya kampani iliyonse. Pulogalamu yake ya pa Android imene eni ake ankaisamalira anaisiya kumapeto kwa 2024, ndipo masiku ano ambiri tili pa Syncthing-Fork, nthambi ya pulogalamu yomweyi imene anthu ena ongodzipereka anaipitiriza. Ndilankhula za imeneyi chifukwa ndi imene ndimaidziwa, koma zambiri mwa zimene ndinene zimakhudzanso mapulogalamu ena a ntchito yomweyi.

Choyamba timvetsetsane chimene foni ikuchita pa nthawi imeneyi. Kuti zipangizo ziwiri zidziwe ngati zili ndi fayilo yofanana, dzina la fayilo silikwanira. Zithunzi ziwiri zosiyana zikhoza kukhala ndi dzina limodzi, ndipo fayilo ikhoza kuwonongeka mkati dzina lili lomwelo. Ndiye Syncthing imatsegula fayilo iliyonse, kuiwerenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuigawa m'zidutswa. Fayilo yosafika 250 MB imagawidwa m'zidutswa za 128 KB, ndipo mafayilo akuluakulu zidutswa zake zimakula mpaka 16 MB. Chidutswa chilichonse chimawerengeredwa chidindo chake cha manambala mwa njira yotchedwa SHA-256, chidindocho n'kulembedwa m'kaundula wa pulogalamuyo. Chithunzi chimodzi cha 4 MB ndiye kuti zidutswa 32 ndi zidindo 32. Zili ngati kalaliki wa pa sikelo amene wapatsidwa nyumba yodzaza matumba a chimanga: tsiku loyamba thumba lililonse ayenera kulikweza pa sikelo n'kulemba m'buku, palibe kudumpha. Mawa lake sakwezanso onse, amangodutsa n'kuona ngati pabwera thumba latsopano kapena pali lina limene lamasulidwa. Pulogalamunso ikamaliza ulendo woyambawo, maulendo otsatira imangoyang'ana kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza. Zikafanana ndi za m'kaundula, imadutsa osaitsegula.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu ambiri. Pulogalamu isanayambe kuwerenga mkati mwa mafayilo, imayamba yayenda m'mafoda onse kulemba mndandanda wa zimene iyenera kuwerenga, kuti idziwe kuchuluka kwa ntchito ndi kukuuzani peresenti. Nthawi yonse ya ulendo umenewu peresenti siisuntha. Mukakhala ndi timafayilo tambirimbiri, apa pokha pamatha nthawi ndithu, ndipo ndi pamene anthu amataya mtima. Dziwaninso kuti kusanthula sikudya bandulo ngakhale pang'ono. Ndi ntchito ya mkati mwa foni. Ndaonapo anthu akuthamangira kukagula data poganiza kuti netiweki ndi imene ikuchedwetsa, ndalama n'kupita pachabe.

Chinthu choipitsitsa chimene munthu angachite ndi kuchotsa foda m'pulogalamu n'kuiikanso, kapena kufufuta pulogalamu yonse n'kuiikanso kachiwiri. Mukatero mwataya kaundula uja, ndipo zonse zimene foni inavutika kuwerenga usiku wonse ziyambiranso pa chiyambi. Pulogalamu ikangoima yokha, kaya chifukwa batire yatha kapena foni yazima, zimene inalemba kale m'kaundula zimakhalapo, ndipo ikadzuka imapitirira ndi zotsala. Choncho ikaoneka ngati yaima, isiyeni. Dzanja likamakuyabwani, ikani foni patali mukachite zina.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene ndalembera kalata ino: njira yaikulu yofulumizitsira kusanthula ndi kuchepetsa zimene mukuuza foni kuti isanthule. Palibe batani lobisika loposa zimenezi.

Mayi ena, mlembi wa kwaya ya kumpingo kwathu, anabwera ku shopu kwanga foni ili m'manja, yotentha. Mwana wawo anawaikira pulogalamuyi kuti nyimbo zimene kwaya imajambula pophunzira zizipita pa laputopu ya mpingo.

"Achimwene, tandionerani foniyi. Chiyambire dzulo ikungolemba zomwezomwezi."

Nditayang'ana ndinapeza kuti foda imene anasankha sinali ya nyimbo ayi, inali malo onse osungira zinthu m'foni. Ndinawapempha kuti titsegule limodzi foda ya WhatsApp, imene pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo imakhala mkati mwa Android/media/com.whatsapp. Mmenemo munali foda ya ma sticker, foda ya mauthenga a mawu ogawidwa sabata ndi sabata, ndi mafoda otchedwa Sent, mmene WhatsApp imasunga kope la chithunzi kapena vidiyo imene mwatumiza. Timafayilo masauzande, tambiri ta magulu a maliro, a banki m'khonde ndi a kusukulu kwa ana.

"Mayi, izi zonse mukufuna zipite pa laputopu ya mpingo?"

"Ayi ndithu! Zamanyazitu zimenezo. Ine ndimafuna nyimbo basi."

Tinachotsa foda yaikuluyo, poti pamenepa kaundula wake analibe ntchito, n'kusankha foda ya zojambula mawu yokha. Kusanthula kunatha iwo asanamalize kundifotokozera za ulendo wa kwaya umene ankakonzekera.

Chimene chinawachedwetsa mayiwa si kukula kwa mafayilo kokha, komanso kuchuluka kwake. Tiyerekeze kuti foni ikutha kuwerenga ndi kudinda 20 MB pa sekondi. Mavidiyo okwana 40 GB angathe m'mphindi zopitirira pang'ono 30, chifukwa fayilo yaikulu ikatsegulidwa foni imangoyenda nayo osaima. Koma kafayilo kalikonse, ngakhale kachepe bwanji, kamafuna kutsegulidwa, kufunsidwa kukula kwake ndi tsiku lake, kutsekedwa, ndi kulembedwa m'kaundula pakokha. Ndipo kuyambira pa Android 11, imene inatuluka mu 2020, pempho lililonse lotsegula fayilo m'malo osungira zinthu limadutsa kaye pa gawo lina lotchedwa FUSE, limene limaona ngati pulogalamuyo ili ndi chilolezo. Pa fayilo imodzi simungazindikire. Pa timafayilo masauzande makumi angapo, kuchedwa kumeneku kumaunjikana mpaka kuposa nthawi yowerengera mavidiyo aja.

Ndiye musasankhe foni yonse. Sankhani foda imene mukuifunadi: DCIM/Camera ngati ndi zithunzi, Documents ngati ndi mapepala, foda ya zojambula mawu ngati ndi nyimbo za kwaya. Ngakhale mkati mwa foda yabwinoyo mumabisala zinyalala. Mu DCIM ndi mu Pictures mumapezeka kafoda kobisika kotchedwa .thumbnails, kodzaza tizithunzi ting'onoting'ono timene foni imapanga yokha kuti gallery izitseguka msanga. Mumapezekanso mafayilo oyamba ndi .trashed, amene ndi zithunzi zimene munafufuta koma foni ikuzisungabe masiku 30. Zonsezi pulogalamu imaziwerenga ngati simunaiuze kuti izidumphe. Kuiuza kwake n'kosavuta. Pali malo otchedwa Ignore Patterns, pamene mumalemba mayina a zinthu zoti zisiyidwe, dzina lililonse pa mzere wake: .thumbnails, kenaka .trashed-* ndi kanyenyezi kumapeto, kenaka Sent ndi .Statuses ngati mwaumirira kulumikiza foda ya WhatsApp. Mndandanda umenewu umasungidwa m'kafayilo kotchedwa .stignore pakhomo penipeni pa foda. Chofunika n'chakuti ukhalepo kusanthula kusanayambe. Mukaika foda, iimitseni kaye, lembani mndandandawo, kenaka muimasule. Ndipo kafayilo kameneka sikatumizidwa ku chipangizo china, choncho pa laputopu mulembenso ngati kumeneko kuli zofuna kudumpha.

Ine ndimapitirira apo. Maukwati a zaka zam'mbuyo, amene eni ake anatenga kale zithunzi zawo, ndimawasamutsira pa hard drive ndi chingwe n'kuwachotsa m'foni. Foda yolumikizidwa imakhala ndi ntchito ya nyengo ino yokha. Sindikuona chifukwa choti foni izivutika kusunga kaundula wa zinthu zimene sizidzasinthanso.

Kenaka pali memori khadi. Apa ndilankhule mosabisa: makhadi ambiri otchipa amene amagulitsidwa m'misika yathu ndi ochedwa, ndipo ena ndi achinyengo, olembedwa malo ambiri pamene mkati muli ochepa. Anthu amayang'ana nambala 10 yozunguliridwa ija n'kukhutira, koma nambala imeneyo imangolonjeza kuti khadi ingalembe 10 MB pa sekondi pa fayilo yaikulu yoyenda mosadukiza. Sinena kanthu za timafayilo tomwazikana. Chizindikiro choyang'ana ndi A1 kapena A2. Khadi ya A1 imayenera kukwanitsa kuwerenga kodumphadumpha maulendo 1,500 pa sekondi, ya A2 maulendo 4,000, ngakhale kuti A2 imafuna foni yodziwa kuigwiritsa ntchito kuti liwirolo lioneke. Kwa ambiri a ife A1 yeniyeni yakwana. Ngati m'foni momwe muli malo, ikani foda yolumikizidwa mmenemo, chifukwa kawirikawiri malo a mkati amawerengeka msanga kuposa khadi.

Za magetsi ndi kutentha ndiye kuno ku Salima timazidziwa bwino. Kudinda zidindo ndi ntchito yolemetsa purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse m'foni. Foni ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo masana a mu October kuno foni imakhala yotentha ngakhale isakugwira ntchito iliyonse. Kusanthula koyamba ndimakuyambitsa madzulo dzuwa litalowa. Ndimachotsa kava, foni n'kuiika pa tebulo pamalo podutsa mphepo, osati pa matiresi kapena pansi pa pilo, sikirini itazima. Ikhale pa chaja. Izi si za batire yokha ayi. Kuyambira pa Android 6, mu 2015, foni ikakhala phee osagwiridwa ndiponso osalumikizidwa ku chaja, imalowa m'tulo totchedwa Doze, mmene mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo amachepetsedwa mphamvu. Ikakhala pa chaja tulo timeneti sitibwera. Magetsi akathima, power bank kapena batire ya sola imagwira ntchito yomweyo, poti foni imangoona kuti ikutchajidwa. Lowaninso ku ma setting a batire mukachotse pulogalamuyi pa mndandanda wa zoletsedwa kugwira ntchito kumbuyo. Mafoni ena ali ndi timapulogalamu tawo toyeretsa foni timene timatseka chilichonse chogwira ntchito sikirini ikazima. Timeneto tiuzeni kuti iyi yokha tisaikhudze.

Syncthing-Fork ili ndi malamulo a nthawi imene iyenera kugwira ntchito, monga pa Wi-Fi pokha kapena pa chaja pokha. Ndi malamulo abwino, amateteza bandulo. Koma usiku wa kusanthula koyamba onetsetsani kuti sakuimitsa pulogalamu. Wi-Fi yanu ikakhala hotspot ya foni ya mnzanu, iye n'kuchoka nayo kupita kwawo, pulogalamu imaima ngakhale kuti kusanthulako sikufuna netiweki. Ndipo nthawi iliyonse ikadzuka imayambanso ulendo uja woyenda m'mafoda onse. Pulogalamu imene ikungoima n'kudzuka, kuima n'kudzuka, imathera nthawi yake pa ulendo umenewu.

Anzanga okonda kugwiragwira ma setting amandifunsa za nambala yotchedwa hashers, imene imanena kuchuluka kwa mafayilo odindidwa nthawi imodzi. N'zoona kuti pa foni pulogalamu imadziletsa dala kuti isalande purosesa yonse, ndipo mukhoza kuikweza nambalayo. Koma maganizo anga ndi akuti muifike pomaliza, zina zonse mutachita. Ngati chochedwetsa ndi khadi, kuonjezera odinda kumangochititsa kuti azilimbirana khadi yomweyo, foni n'kutentha kwambiri. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kusanthula foda imodzi pa nthawi. Ngati muli ndi mafoda anayi, imitsani atatu, imodzi ithe, kenaka mumasule ina. Pali setting yotchedwa maxFolderConcurrency imene mukaiika pa 1 imachita zomwezo yokha. Tivomerezenso kuti mafoni amasiyana. Mapurosesa ambiri a 64-bit ali ndi malangizo apadera ofulumizitsa SHA-256, pamene mafoni otchipa kwambiri oyenda pa 32-bit amachita masamu onsewo mwa njira yaitali. Mwini foni yotereyi asadzione wolakwa, angochepetsa katundu n'kuipatsa usiku wake.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, nanga ndikakopera kaye mafayilo pa laputopu ndi chingwe, kusanthula kudumphidwa? Ayi. Foni iwerenga zake, laputopu iwerenga zake, chilichonse chilembe kaundula wake. Koma kukoperako n'kwanzeru ndithu, chifukwa zikadzayerekeza zidindo n'kupeza kuti mkati mwa mafayilo ndi mofanana, sizitumiziranso mafayilowo. Mwapulumutsa nthawi yotumiza, imene pa Wi-Fi yofooka imatha kuposa ya kusanthula. Ingoonetsetsani kuti mayina a mafoda ndi kasanjidwe kake n'zofanana mbali zonse.

Ulendo woyamba ukatha, pulogalamu imamvetsera foni ikainong'oneza kuti fayilo yasintha, komanso imabwereza kuyenda m'foda yonse pa ola lililonse, masekondi 3,600, ngati simunasinthe. Pa foda ya zithunzi ine ndinaika 86,400, kamodzi pa tsiku, ndipo batire imapuma. Amene mukukweza pulogalamu kupita ku Syncthing 2, imene inatuluka mu August 2025, dziwani kuti kaundula anasamutsidwira ku mtundu wina wotchedwa SQLite, ndipo kusamutsako kumatenga nthawi pa kuyatsa koyamba. Kumenekonso n'kofuna kudikira, osati kufufuta.

Ndisatseke ndisanachenjeze za chinthu chimodzi chimene chingalize munthu. Kulumikiza mafoda kumatanthauza kuti mukafufuta chithunzi m'foni, pa laputopu chifufutikanso. Munthu akaona kuti zonse zafika pa laputopu, amafufuta m'foni kuti apeze malo, mawa n'kupeza laputopu ili mbee. Pa laputopu yatsani File Versioning, kuti zofufutidwa kuchokera ku foni zizisungidwa m'kafoda kotchedwa .stversions, ndipo zimene simukufuna kudzataya muzikopere pamalo ena osalumikizidwa. Zithunzi za ukwati wa munthu sizijambulidwa kawiri.

Pempho langa lipite kwa anyamata ndi atsikana okonza mafoni ndi oika nyimbo m'misika, kuyambira pa Kamuzu Road pano mpaka ku Lilongwe ndi ku Limbe, chifukwa anthu ambiri amathamangira kwa inu. Kasitomala akabwera ndi foni yosanthula osatha, musafulumire kuifufuta kapena kumuuza kuti agule ina. Mufunseni foda imene akufunadi, muyang'ane khadi yake, mumulembere mndandanda wa zodumpha, mumuuze akaisiye pa chaja usiku. Ndipo inu akonzi, tithandizeni ndi kagawo ka nkhani zotere m'Chichewa, ngakhale kamodzi pa mwezi. Malangizo a mapulogalamu amenewa amalembedwa ndi anthu a intaneti yosatha ndi magetsi osathima, ndipo amene tili ndi foni imodzi yogwirira ntchito zonse timafuna wina atifotokozere molingana ndi mmene tikukhalira. Mukatsegula kagawoko, ine ndidzatumiza zithunzi zoonetsa pamene pali Ignore Patterns ndi File Versioning, kuti owerenga aziona pofunika kudina.

Ine wowerenga wanu,
Wojambula zithunzi,
Kamuzu Road, Salima